Nambala ya a Mbewe

Fungo la mtedza wongokumba kumene limandinyansa mpaka lero. Limandibwezera ku Msakambewa, m'nyengo yozizira ija ndili Sitandade 7, mphepo ikutsika m'mapiri n'kumang'amba milomo, miyendo yathu ili mbuu.

Aphunzitsi athu a masamu, a Mbewe, ankatitenga nthawi ya maphunziro kukakumba mtedza kumunda kwawo. Amayi ataona matuza m'manja mwanga anapita kusukulu n'kukawakalipira pamaso pa aphunzitsi anzawo. M'mawa mwake a Mbewe anandiitanira kutsogolo akumwetulira, n'kulemba pabolodi 99,991.

"Popeza kwanu mumakonda sukulu, bwana, tipezereni nambala yogawa iyi popanda chotsala," anatero. "1 ndi iyo yomwe musatibweretsere. Mukaipeza mudzalowe."

Anandikhazika panja, pansi pa mtengo wa bulugama. Mayeso okwerera Sitandade 8 anali pafupi, ndipo ndinkamva anzanga akubwereza mayankho m'kalasimo. Ndinasalaza dothi ndi chikhatho, n'kutola kamtengo. Nambalayo imathera ndi 1, choncho 2 ndi 5 ndinazitaya msanga. Ndinayesa 3, inakana. Pa 7 panatsala 3. Pa 11 panatsala 1 yekha, ndipo ndinalira ndi ukali, poganiza kuti ndayandikira.

Masabata anapita. Masamba a bulugama ankandigwera pamutu, nyerere zikuyenda m'manambala anga, zala zitauma ndi chisanu. Kunyumba sindinanene, kuopa kuti amayi akapitanso zinthu zidzaipiraipira. Madzulo ndinkapitiriza kuseri kwa nkhokwe ndi khala la pamoto. A Mbewe akamadutsa pabulugama paja ankaponda dala pamene ndalemba.

"Zikuyenda, bwana?"

Mayeso ndinalephera. Kubwereza kunatanthauza chaka china ndi munthu yemweyo, ndiye sindinabwererenso.

Pano ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto ku Dzaleka. Tsiku lina ndinanyamula mtsikana wa ku sekondale, ndipo ndinamutchulira nambalayo, poti sinachokepo m'mutu mwanga. Anaifufuza pafoni. Anati ili m'gulu la manambala osagawika, amene amangolola 1 ndi iwo eni, ndiponso ndi yaikulu kuposa onse otere osafika 100,000. Munthu sangailembe mwangozi. A Mbewe anachita kuisankha.

A Mbewe anapuma ntchito, ndipo miyendo ikuwavuta. Mwezi wathawu anandiimitsa pamsewu, atatsamira ndodo, akufuna kupita kuchipatala ku Mtengowanthenga. Ndinaima, ndinavula chipewa kuti andione bwino.

"Mwana wanga, ndithandize," anatero.

"Mukaipeza mudzakwere," ndinawayankha, n'kuliza njinga.

Ena akuti ndinalakwa. Anene. Pansi pa bulugama paja ndinkadana ndi nambalayo, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndine mbuli. Tsopano ndikudziwa kuti inalibe mlandu, ndipo chotsala chilichonse chimene ndinapeza m'dothi lija chinali cholondola. Munthu mmodzi yekha pasukulupo ankadziwa zimenezo, ndipo ankadutsa m'mawa uliwonse akutafuna mtedza umene tinamukumbira.