Zala Zanga pa Lilime la Njanji

Chaka chimene ndinafunsira mbeta ku Thuchila, m'masiku a Chitaganya, ndinali wosintha njanji pa kasiteshoni kena kumunsi kwa minda ya tiyi. Njanji inali imodzi, ndiye sitima ziwiri zikakumana, ina inkapatukira pambali n'kudikira inzake. Ntchito yanga inali kukoka chitsulo chokankha lilime la njanji, nsonga yopatutsira sitima, kuona ngati latseka bwino, kenako kukweza mbendera yobiriwira. Lilimelo likasiya mpata, ngakhale wolowa chala chimodzi, sitima ikhoza kugwa.

Mbali ina ya ntchitoyi sindinkaiuza munthu. Zimbudzi za m'mabogi zinali zibowo chabe zotayira pansi. Sitima ikangoima kudikira, anthu onse m'mimba munkawavuta nthawi imodzi, ndipo mabogi akumbuyo ankaima pamwamba penipeni pa lilime langa. Dzuwa likawomba, manyiwo ankasakanikirana ndi girizi ndi mchenga n'kuuma gwa. Ntchentche zake zinali zobiriwira, zonenepa ngati nsawawa. Mpaka lero fungo la girizi limandikumbutsa zimenezo.

Tsiku lina malume ake a mtsikanayo anapalasa njinga kudzaona ntchito ya mkamwini wawo. Anafika atavala jekete, sitima ya anthu ikulira kale pakona. Ndinakoka chitsulo, lilime osatseka. Kachitsulo kanga kopalira sikankalowa mumpatamo. Ndinayang'ana akuluwo, ndinayang'ana utsi ukuyandikira, basi ndinagwada n'kuyamba kukolowola zonyansazo ndi zala. Pamwamba zinali zouma, m'kati zofunda.

Sitima inadutsa bwinobwino. Ndinasamba m'manja kawiri konse, ndi phulusa ndi madzi a pampopi, ndiye ndinapita kukapereka moni. Akuluwo anabisa manja kumbuyo.

"Ife tinamva kuti mumaimitsa sitima, achimwene," anatero akuyang'ana zala zanga. "Kodi kuimitsa kwake n'komweku? Ndiye ife tizipisa nanu m'mbale imodzi?"

Ndinawauza kuti ndikanachedwa pang'ono, mabogi onse aja akanagudubuzika, ndipo munali anthu odzaza, amayi ndi makanda omwe.

"Munalibe m'bale wathu mmenemo," anayankha, n'kukwera njinga yawo.

Sabata isanathe nkhoswe yanga inabwera ndi mawu akuti ndikayang'ane kwina. Mtsikanayo ndinkamukonda, ndipo zinandiwawa kwa nthawi yaitali. Koma kunena zoona, chondinyansa kwambiri pa tsiku limenelo n'chakuti ndinasamba m'manja chifukwa cha munthu ngati malume ake aja.