Ndege ya m'makutu mwa agogo

Ndikukumbukira chaka chimene amalume analembedwa ntchito yonyamula katundu pabwalo la ndege ku Chileka, nthawi ya boma la Chitaganya. Anatumiza uthenga kwathu ku Lirangwe kuti tipite Loweruka tikaone ndege ikutera. Ine mtima unali dyokodyoko, koma amene anasangalala koposa anali agogo anga aamuna, a Muhiwa. Iwowa anabwera wapansi ali mwana kuchokera kwa Apwitikizi, ndipo ankati sangafe asanaone chinthu choyenda osaponda pansi.

Mwatsoka, sabata yomweyo anadwala malungo. Kuchipatala anawapatsa kwinini, timibulu toyera towawa ngati ndulu, n'kuwauza kuti azimwa pang'onopang'ono. Agogo anaona kuti pang'onopang'ono ndi za anthu opanda ulendo. Loweruka m'mawa anameza tambiri nthawi imodzi, n'kutsitsira thobwa.

Tinakwera lole ya nkhuni, ine, amayi ndi agogo. Kwa ine kanali koyamba kukwera galimoto! Mphepo inkandiomba kumaso, fumbi likulowa m'mano, mitengo ya malambe ikuthawira kumbuyo. Tisanafike n'komwe, agogo anakuwa: "Imani! Ndege ija yafika, ndikuimva!" Tonse tinayang'ana kumwamba, koma kunali khwangwala yekha. Anthu anaseka mpaka misozi.

Ku Chileka tinaima pampanda ndi amalume. Ndege inatulukira ngati kadontho, kenako inakula, kukula, mpaka nthaka inanjenjemera pansi pa mapazi anga. Fungo la mafuta linadzaza m'mphuno. Ndinalumpha, kukuwa, kuwomba m'manja. Nditacheuka kuti ndiwakoke agogo, ndinawapeza atakhala pansi, thukuta lili kamukamu, akusanza.

"Bambo, mwatani?" anafunsa amayi.

Agogo anangowayang'ana pakamwa. "Dziko likuzungulira. Ukuyankhula kodi? Sindikukumva."

Amalume anabwereka njinga n'kuthamanga nawo kuchipatala, ife tikutsatira pambuyo, amayi akupemphera mokweza. Kumeneko anatiuza kuti chimene chinkalira m'makutu mwawo chinali kwinini uja. Anati thupi la munthu wachikulire limachedwa kuchotsa mankhwala, ndipo akanawonjezera pang'ono akanachita khungu kapena mtima ukanaima.

Anachira, ngakhale khutu lakumanzere silinatsekukenso bwino. Komabe anakhala akudzitama m'mudzi monse kuti paulendo uja ndiwo anayamba kumva ndege.

Lero gogo ndine. Ndili ndi mankhwala a BP, a shuga, ndi ena a mawondo. Zipatala zayandikira, ndipo adzukulu amandiimbira foni kufunsa ngati ndamwa. Mutu ukayamba kuzungulira ndimabwerera kwa adokotala kukanena, sindiwonjezera kapena kusiya ndekha. Anzanga akumpingo amandiseka kuti ndine wamantha. Ndimawavomera, chifukwa ambiri amene anali olimba mtima tinawaperekeza kale kumanda.