Gondolosi wa Wyson wakanika ku labu

Monire mose. Ndangofika kumene kuchokera kuchipatala, komwe ndinaperekeza mng'ono wanga Wyson.

Paja mukudziwa kuti akufuna kukwatira mayi wamasiye wa golosale ku Mchengautuwa uja. Mayiyo anati sakufuna mlonda wa shopu, akufuna mwamuna, ndiye Wyson ayambe wakayezetsa chifukwa amangowodzera pabenchi. Adokotala anati adzatenge magazi m'mawa.

Wyson anayesa ndi mayeso a kusukulu ofunika kukonzekera. Wakhala akutafuna gondolosi ngati mbuzi, mizu ina osachoka m'thumba la jekete.

Lero zotsatira zatuluka. Mayi wa ku labu wafotokoza kuti m'magazi muli puloteni imene imamanga mahomoni achimuna, ndipo mwa Wyson yachuluka chomene. Mahomoniwo alimo ndithu, koma ambiri ndi omangidwa, sakugwira ntchito.

Wyson anaimirira. “Mama, yezaninso! Ine nthawi ya matipate ndinkayenda wapansi kuchokera ku Chiputula kukamva misonkhano, osatopa.”

Mayiyo anati, “Adada, makina athu sayeza mbiri. Ndipo gondolosi samasula puloteni.”

Munthu anangopisa m'thumba, n'kuika mizu ija patebulo mwakachetechete ngati wakuba wobweza katundu.

Adokotala akuti abwerenso akambirane za chithandizo, koma Wyson akuti ukwati uyambe kaye, ine ndikauze mayi wa golosale kuti wakhoza. Nkhoswe ndine, ndipo mlandu ukadzabuka adzagogoda pakhomo panga. Ndikanene zoona, kapena ndimusiye akalephere yekha? Yankhani msanga, mayiyo akungondiflasha.