Bwalo la Philomena

Mukadafunsa m'komboni ya Kamushanga zaka zimenezo kuti pakhomo paukhondo ndi pati, aliyense akadakulozerani kwa Philomena, mkazi wa Lazarous wa kumgodi. Mayi ake a Philomena, ochokera ku Katete, adamulera ndi lamulo lakuti udzu pabwalo ndi manyazi a mkazi: umabisa njoka, umaululanso ulesi. Kaudzu kakangosuzumira, khasu linali pomwepo. Bwalo linali see ngati chikhatho, moti anzake akutchalitchi ankamuseka kuti angathe kuwapakulira ndiwo pansi, iwo n'kudya osadandaula.

Mwana anali naye mmodzi yekha, Lyness, wobadwa atadikira mpaka anthu kuyamba kumunena.

Mgodi utatsekedwa mu 1994, Lazarous anakhala pakhomo ngati amuna ena onse. Magetsi anadulidwa, mbaula zinachuluka, ndipo mitengo inayamba kutha. Inayamba ya m'mbali mwa msewu, kenako ya kudambo kumene ana ankasewera. Tsiku lina Lazarous anagwetsa mtengo wake womwe wa mango n'kuwotcha makala. Musamuweruze, munthu wogona ndi njala sayang'ana mthunzi.

Mphepo ya mu Ogasiti inabwera ndi fumbi la pamilu ya dothi la kumgodi, yopanda choitchinga. Philomena analimbana nalo m'njira yokhayo imene ankadziwa. Ankasesa m'mawa, n'kusesanso masana, Lyness akumutsatira pambuyo ndi katsache kake. Posakhalitsa chifuwa cha mwanayo chinayamba kulira ngati kamwana ka mphaka. Akathamanga pang'ono ankagwada, maso ali tong'o, kufunafuna mpweya.

Kuchipatala anati ndi mphumu. Namwino wina wachikulire anamufunsa ngati pakhomo pali kapinga kapena mitengo, ndipo Philomena anayankha monyadira.

"Awe ba Sista, panyumba panga ni pa kilini. Palibe olo kaudzu kamodzi."

Namwinoyo anamuuza mofatsa kuti ana a m'makomboni amene mitengo idakalipo sabwerabwera ndi chifuwa chotere, ndiponso kuti tsache pa dothi louma limangokweza fumbi kufika pamphuno pa mwana. Philomena anabwerera kunyumba. Zinamuwawa kwambiri, chifukwa chinthu chimene ankachitira mwana wake mwachikondi ndicho chinkamutsamwitsa.

Anabzala kapinga, iye amene ankadana ndi udzu. Madzi ankakatunga kutali, mipope itauma. Anansi ankanong'onezana kuti bana Lyness, amake a mwanayo, mutu wasokonekera ndi ulova wa amuna awo. Kapingayo anapsa ndi dzuwa la mu Okutobala, ndipo ngakhale akadamera, bwalo limodzi silikadatchinga fumbi la komboni yonse. Lyness anagonekedwa m'chipatala kawiri mvula isanagwe.

Apo mkulu wake wa Philomena, Christina, anabwera kuchokera ku Katete n'kunena kuti amutenga mwanayo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, anatero, nanji wa mng'ono wako. Philomena anakana, analira, koma anamanga yekha kachikwama ka Lyness.

Panapita zaka ziwiri Philomena asanapeze ndalama ya basi. Atafika kumudziko anaona kamtsikana konenepa kakuthamangitsana ndi anzake pansi pa misuku, kakukuwa ndi mawu onse, kosaima n'komwe kuti kapume. Philomena anayimirira panjira, misozi ili mbwee, akuthokoza Mulungu. Pomwepo anadziwanso kuti sadzamutenga.

Christina anaitana mwanayo kuti adzalonjere. Lyness anabwera, anagwada mwaulemu monga adamuphunzitsira, napereka dzanja.

"Mwayenda bwanji?" anatero. Kenako anacheukira kwa Christina. "Amama, alendowa agona kuno?"