Kapitao wa m'thanki ya Ababa

Ababa anabwera kudzakhala nafe kuboda atadwala sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafooka, mawunso ankatuluka movutikira. Munthu amene moyo wake wonse ankapalasa njinga m'misewu ya ku Mkanda atamanga matumba a mtedza kumbuyo, tsopano ankangokhala pampando pabalaza, maso ali kukhoma. Ine ntchito yanga ndi yothandiza amalonda kutulutsa katundu pakasitomu, choncho ndinkachoka m'mawa ana athu akamapita kusukulu, masana n'kuthamangira kunyumba kukawapatsa chakudya ndi mankhwala. Amuna anga amayendetsa thiraki, amatha masabata ali kunjira.

Iwowo ndi amene anabweretsa thanki yagalasi yowetera nsomba. Anaigula ku Lilongwe kwa munthu wina amene ankasamuka, pamodzi ndi pampu yake ya mpweya, mchenga ndi nsomba zomwe. Munali tinsomba tingapo tachikasu totchedwa mbuna, ndi nsomba zitatu zazikulu ngati chikhatho: yabuluu, yamawangamawanga ndi ina yofiira kumimba. Ndinadandaula kuti andionjezera ntchito, koma titaiika patebulo moyang'anizana ndi mpando wa Ababa, ndinatseka pakamwa. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analoza yabuluu ija ndi dzanja lamanzere.

"Kapitao," anatero.

Amenewo anali mawu oyamba omveka bwino chidwalireni. Ali mnyamata anagwirapo ntchito pa esiteti ya fodya, ndipo akuti kapitao wawo ankayenda choncho, chifuwa patsogolo.

Miyezi ingapo zinthu zinayenda bwino. Ababa ndiwo ankathira chakudya m'thankimo, ndipo ndikamabwera masana ndinkawapeza akumwetulira mbali imodzi ya pakamwa. Mavuto anayamba nyengo yotentha itafika. Kapitao anali atakula, mtundu wake unada bii, ndipo anayamba kukumba dzenje mumchenga, kunyamula ndi pakamwa n'kukalavula pambali. Iliyonse yoyandikira dzenjelo inkathamangitsidwa mpaka kukagunda galasi. Tsiku lina ndinapeza mbuna imodzi ikuyandama chagada. Yofiira kumimba ija zipsepse zinang'ambika ngati nsanza, inkangobisala pamwamba kuseri kwa paipi ya pampu, osadya.

Chimene chinandiopsa kwambiri si nsombazo ayi, koma Ababa. Ankamenya ndodo yawo pansi pofuna kuleretsa ndewuyo, thukuta lili kamukamu, mitsempha ya m'khosi itatupa. Nditawayeza ndi kamakina kathu ka kunyumba, BP inali itakwera. Adokotala anali atandichenjeza kale kuti asamakwiye.

"Ababa, nsomba iyi ndiichotsa. Ndikapatsa anthu ena," ndinatero.

"Ayi."

"Ndiye ndichotse thanki yonse?"

Anangogwira m'mphepete mwa tebulo, misozi n'kuyamba kutsika. Chakudya cha masana tsiku limenelo anakana. Ndinaimbira amuna anga, koma anali pamzere wodikira katundu ku Lusaka, ndipo anangoti, "Mayi, yesani kuziphimba ndi nsalu." Ndinaphimbadi. Ababa anaikoka nsaluyo ndi ndodo.

Mawa lake kuntchito mtima sunali m'malo. Ndinali nditajambula ndewuyo pafoni kuti nditumizire amuna anga, ndiye ndikuionera pawindo la ofesi, dalaivala wina wa ku Zambia amene ankadikira mapepala ake anasuzumira.

"Amai, izo ni zanu? Naine nili nazo kunyumba," anatero m'Chinyanja chakwawo. "Zinanivutisa maningi."

Anandiuza kuti nsomba zamtunduwu zimalimbirana malo, ndipo thanki yanga inali poyera ngati bwalo la mpira: yamphongo ikangotembenuka imaona zinzake zonse. Iye anachita kuichotsa yovutayo kaye, n'kusintha zonse za m'katimo, kuti pobwerera ipeze malo achilendo. Anati ndithire miyala yambiri ndi mobisalamo, chakudya ndizithira mbali ziwiri. Anaonjeza kuti kwa iye zinatheka pang'ono chabe, ina anaichotsabe. Ndinamuthokoza, ndipo mapepala ake ndinawathamangitsa kuposa masiku onse.

Loweruka ndinapita kumtsinje kukatola miyala yosalala, ndinaitsuka n'kuithira madzi owira. Kwa mayi wina woumba ndinapempha miphika ing'onoing'ono yosweka. Ababa ndinawafotokozera zonse pang'onopang'ono, kuti Kapitao sakupita kulikonse, akungokakhala m'beseni.

Kumugwira inali nkhondo ina. Ndinanyowa mpaka m'mapewa, madzi ali ponseponse pasimenti. Nditamuika m'beseni lochapira ndinatembenuka kuti nditenge miyala, ndipo ndinangomva phaa! Kapitao anali pansi, akuphiriphitha kulowera kunsi kwa kabati. Ababa anakuwa mawu amene sindinawamvepo. Ndinavula chitenje, ndinachiviika m'madzi n'kumuvundikira nacho, kenaka ndinamubwezera m'beseni. Anagona cham'mbali, makha akutsekuka ndi kutsekeka. Ndinagwada pamenepo ndikupemphera chamumtima, osati chifukwa cha nsomba yokha. Patapita kanthawi anadzuka, n'kuyamba kuzungulira. Ndinavundikira beseni ndi lichero, pamwamba n'kusanjikapo mwala.

Miyala tinasanja awiri. Ine ndinkaika, Ababa ankaloza ndi ndodo. Ndikaika pomwe sakufuna ankagwedeza mutu mpaka ndisunthe. Pakati tinamanga kakhoma kofika pafupi ndi pamwamba, miphika tinaiyang'anitsa uku ndi uku, dzenje lija ndinalikwirira. Mbuna zinalowa m'mapangamo nthawi yomweyo ngati zinkawadziwa kale.

Kapitao anakhala m'beseni masiku angapo, kapaipi ka mpweya kali momwemo, pafupi ndi phazi la Ababa. Tsiku lomubwezera ndinapempha kuchoka msanga kuntchito. Atalowa m'thanki anaima malo amodzi, mtundu utatumbuluka, kenaka anayamba kuyendera miyala umodziumodzi. Anathamangitsa mbuna ina, koma itangokhota pakakhoma kaja anaitaya, n'kubwerera. Anasankha mbali ya kumanzere n'kukumba dzenje latsopano kumeneko. Mbali inayo anaisiya.

Yofiira kumimba yokha ndi imene sanaikhululukire. Akangoiona, ndewu. Ndinadula sefa ya pawindo n'kuitchinga pakona pake, ndipo zipsepse zinayamba kumera. Amuna anga atabwera anaitengera kwa mnzawo wa ku Chipata amene ali ndi thanki yaikulu. Ababa anavomera, anaibayibitsa ndi dzanja.

Ndinkati tapuma, koma pasanapite nthawi yamawangamawanga ija inasiya kudya. Inkakhala mumphika, kukhosi kutatupa, pakamwa ili chitsekere. Chakudya chikagwa pafupi inkangochiyang'ana. Ndinaganiza kuti Kapitao waithyola chibwano. Sindinkafuna kuti Ababa aone imfa ina, moti ndinakonza zodzaichotsa mawa lake m'mawa iwo asanadzuke.

Masana a tsiku limenelo, ndikuwapatsa mankhwala, anandigwira mkono.

"Ana," anatero.

"Ana ali kusukulu, Ababa. Abwera posachedwa."

Anagwedeza mutu, n'kuloza mphika uja. "Ana. M'kamwa."

Ndinawerama, nkhope pagalasi. Nsombayo inatsekula pakamwa pang'ono ngati ikutafuna, ndipo m'katimo ndinaona timaso takuda tambirimbiri tikuyendayenda. Ndinakhala pansi pasimenti pomwepo n'kuyamba kuseka, misozi ikutuluka. Ababa nawo ankaseka, phewa limodzi likugwedezeka. Anayesa kundifotokozera kuti makumba a padamu la kwathu amachitanso chimodzimodzi. Mawu ambiri sanamveke, koma anayankhula nthawi yaitali, ndipo sindinawadule.

Sefa ija ndinaibwezera, yamawangamawangayo n'kukhala kuseri kwake ndi mphika wake. Tsiku limene analavula anawo ine ndinali kuntchito. Ababa anapempha mayi woyandikana nafe nyumba kuti andiimbire, ndipo atawapatsa foni anangoti, "Bwera." Ndinakwera kabaza mtima uli m'mwamba, poganiza kuti agwa. Ndinawapeza ali bwinobwino pampando, akuloza tinsomba tating'ono ngati mpunga titaunjikana pansi pa mwala.

Sabata yotsatira tinapita kuchipatala kuti akawayeze. Namwino atawayeza anati BP yatsika, tipitirize zomwe tikuchitazo. Pobwerera Ababa anandiimitsa pamsika kuti tigule beseni lina, poti ana aja akufunika pawo pokulira.