Foni yandikumbutsa za nandolo wanu

Abambo, m'mawa uno foni yalira mvula yoyamba ikugwa kuno ku Kadewere. Ndimayesa ndi uthenga, koma ndi pulogalamu ija ndimalembamo zochita, ikundikumbutsa kuti: "Kubzala nandolo m'malire mwa munda, Mulungu akalola." Tinali tikukolola chimanga pomwe munati ndilembe m'foni, tingaiwale. Nditakuwerengerani munapukusa mutu, mumvekere: "Sunamalize iwe. Wonjezera kuti Mulungu akalola." Ndinaseka, ndikuti foni sipemphera, koma simunasunthe mpaka nditalemba.

Tinakuikani m'manda chimangacho tisanachithe. Mbewu munasunga m'chigubu ija ilipo, mawa ndikabzala ndekha. Koma mawuwa sindifufuta, abambo, chifukwa ndikamawawerenga ndimamva inuyo mukundidzudzula kumunda kuja. Gonani mumtendere.