Mwana Wanga Ankatha, Ine Ndikumutamanda Ulemu

Anzanga, nkhani ndikufuna kukuuzaniyi si yopeka ayi, ndipo sindinachite kuimva kwa munthu m'minibasi, izi kuno amati matatu, inachitika m'nyumba mwanga momwe, kwa mwana wobereka ndekha. Amayi ena achimalawi okhala muno mu Nairobi akaiwerenga adziwa kuti ndine ndani ngakhale sinditchula dzina la munthu, koma adziwe basi, nanga n'kutani? Manyazi ake ndayenda nawo zaka zingapo tsopano, ndipo ndaona kuti kuwabisa sikuwachepetsa.

Tinabwera kuno bambo a kunyumba atapeza ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu, tinapeza nyumba m'mwamba mwa mashopu ku Pangani, ife awiri ndi mwana wathu mmodzi yekhayo, wamkazi. Chimene chinandiopsa nditangofika si akuba kapena magalimoto ayi, koma ana akuno. Mwana kupereka moni kwa wamkulu ataimirira, kumuyang'ana m'maso gwa, kuyankha mayi ake ngati mnzake wosewera naye! Ndinalumbira mumtima kuti wanga sadzatero, ndikadzabwerera kumudzi anthu asadzanene kuti Nairobi inandidyera mwana. Foni tinamugulira ndi ife tomwe, poganiza kuti azicheza ndi asuweni ake akumudzi asaiwale Chichewa, komanso kuti azikhazikika pakhomo m'malo moyendayenda m'misewu.

Atatha msinkhu, poti azakhali ake anali kutali, ndinaitana amayi awiri achikulire a kumpingo kwathu kuti adzamulange monga timachitira kwathu. Anamuuza zonse zija mukuzidziwa: kuti kuchipinda kwa makolo asalowenso, kuti asamakhale moyandikana ndi bambo ake ngati kale, kuti wamkulu akamalankhula iye maso pansi. Ineyo anandikokera pambali n'kundiuza kuti namwali ndi munthu wamkulu, chipinda chake ndichake, bambo asapondemo, ndipo nanenso ndisamangolowamo ngati ndikulowa m'khitchini. Sananame amayi aja, ndi mmene tinaleredwera tonse, ndipo sindikuwaimba mlandu. Koma kuyambira tsiku limenelo chitseko chija chinatsekedwa, ine n'kuchisiya chotseka.

Pasanapite nthawi mwana anandipempha kuti azidyera kuchipinda kwake, akuti akuchita manyazi kudyera pamodzi ndi bambo ake. Ine mtima unangoti myaa, ndinati malango alowa. Ankabwera, kugwada, kulandira mbale ndi manja awiri, kulowa nayo, kenako n'kutuluka nayo ili mbee, yotsukatsuka. Mukanakhala inu mukanaganiza chiyani? Bambo ake tsiku lina anadandaula kuti papita masiku asanamuone bwinobwino mwanayo, ndipo akumuona ngati wasintha nkhope, ine ndinawakalipira, ndinawafunsa kuti bambo wanzeru amafunanji kwa mwana wamkazi woti wakula. Anangotenga makiyi awo.

Kunyada kwake ndiye musanene. Amayi achimalawi tikakumana Loweruka, wina akamadandaula kuti mwana wake wayamba kubwera mochedwa, wina kuti wake wayamba mwano, ine ndinkakweza mphuno n'kumati wanga ngakhale pakhonde satuluka, mawu ake simungawamve, ali phee kuchipinda ndi mabuku ake. Ndinkaperekanso malangizo, ine amene! Zoona anyani amasekana zikundu. Nthawiyo inali ya chisanu chija cha mu Juni ndi Julaye, chimene kuno chimalowa mpaka m'mafupa, ndiye mwana kuvala majuzi awiri ndi chijekete cha bambo ake pamwamba sizinandidabwitse, ndinkangomuseka kuti magazi ake ndi a ku Nsanje.

Tsiku lake linali Loweruka, pamene Amalawi a kumpingo kwathu tinapangana zokakwera mapiri a ku Ngong, mabanja ndi ana omwe, kukapemphera ndi kudyera limodzi kumeneko. Mwana anakana kuti sakumva bwino, koma ine ndinaumirira, ndipo kunena zoona ndinkafuna anzanga akamuone mmene amagwadira. Tinayamba kukwera dzuwa lili bwino, mphepo ikuomba monga imachitira kumeneko, ana ena akuthamanga kutsogolo, wanga akutsalira m'mbuyo. Ndinatembenuka kuti ndimukalipire za ulesi, ndipo ndinamuona ataima, akuyang'ana kumwamba ngati wina wamuitana, kenako anangopindika n'kugwa pa udzu, osalira, osaponya ngakhale dzanja kuti adzitchinjirize.

Ndinathamanga n'kumunyamula. Ndinakonzeka kunyamula mtsikana wamkulu, koma chimene chinabwera m'manja mwanga chinali chopepuka ngati mtolo wa mapesi. Amayi ena anati timuvule majuzi apume, tinavula yoyamba, yachiwiri, ndipo mkati munali nthiti zokhazokha zoti n'kuwerenga, mikono ngati ya mwana wa sitandade wani. Amayi onse aja ndinkawalangiza za kulera ana anangoti kukamwa yasa, wina n'kundifunsa motsitsa mawu kuti kodi mwanayu wakhala akudwala kuyambira liti. Sindinkadziwa. Mwana wogona naye nyumba imodzi, khoma lokha kutilekanitsa, thupi lake ndinali nditatha miyezi osaliona.

Koma chimene chimandidzidzimutsabe mpaka lero ndi chimene ndinaona tili m'galimoto ya bambo wina wa kumpingo, tikutsika kuthamangira kuchipatala. Mwana ali chikomokere pamiyendo panga, maso atatembenuka, milomo yauma, koma chala chake chachikulu cha kumanja chikuyenda pa chitenje changa, kukankhira m'mwamba, kukankhira m'mwamba, ngati mmene amachitira munthu pa galasi la foni, chikhalirecho foni inali m'chikwama. Ndinachigwira chala chija kuti chileke, ndikuchisiya chinayambanso. Ndinayamba kukuwa mapemphero, chifukwa ndinaona ngati m'thupi la mwana wanga mwakhala chinthu china chimene chikadali maso mwini wake atachoka.

Kuchipatala anamuika madiripi, ndipo adokotala anatiuza mosabisa kuti mtima wa mwanayo unafooka kwambiri chifukwa chosadya, tikanachedwa pang'ono tikanakamba zina. Atatsitsimuka sanafunse kuti ali kuti, sanaitane amayi, anafunsa foni. Nditamukaniza, mwana wanga waulemu uja, wa maso pansi uja, anakuwa ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo, kuzula diripi, kunditukwana m'Chingerezi ndi m'Chiswahili momwe, mpaka anamwino anachita kumugwira. Pambuyo pake ndinaitsegula foniyo ndili pabenchi panja. Munali timavidiyo ta atsikana owonda mochititsa mantha akuyamikirana, kulimbikitsana kuti asadye, kunyoza aliyense wonenepa pang'ono, ndipo ukachotsa kamodzi kankabwera kena, kenako kena, osatha, ngati pali munthu kuseri amene waona pamene pali bala n'kumangothirapo mchere. Chakudya chonse chija ndinkanyadira kuti chatha, chinkapita m'majumbo n'kukatayidwa panjira ya kusukulu.

Kuchira kwake kunatenga nthawi yaitali, kupita ndi kubwerera kwa alangizi a zamaganizo, ndipo mkati mwa nthawi imeneyo mayi wina wa Chikenya amene mwana wake ankaphunzira sukulu imodzi ndi wanga anandipeza. Mayiyo ndi loya, ndipo anandiuza kuti akusonkhanitsa makolo amene ana awo avulala mwa njira yomweyi kuti akasumire kampani ya tsamba la mchezo la pa intaneti limene linkamuonetsa timavidiyo tija, chifukwa akuti zinthuzi amazipanga dala kuti mwana akalowa asatulukemo, ndipo kumaiko ena makolo ayamba kale kupita nazo kukhoti. Ine ndinalumpha ndi chimwemwe. Ndinali ndi ukali wofuna pougwetsera, ndipo kunena mosabisa ndinkafuna woweruza adzanene pagulu kuti wolakwa ndi kampani, kuti ndidzathe kuyendanso pakati pa amayi anzanga mutu uli m'mwamba.

Tinapita ku ofesi yake ine ndi mwana masana ena. Loya uja anatichenjeza kuti mbali inayo idzabwera ndi maloya akuthwa, amene adzafunse kuti makolo anali kuti nthawi yonseyi, choncho ndi bwino mwanayo anene zonse panopa, zokoma ndi zowawa zomwe. Anamufunsa ngati akufuna kuti ine ndituluke, mwana anati ayi, ndikhale. Anafotokoza bwinobwino mmene zinayambira ndi kavidiyo kamodzi ka masewero olimbitsa thupi, mmene ankalephera kuisiya foni ngakhale maso akuwawa, mmene ankadziona wonyansa akangoizimitsa. Ine ndinkangogwedeza mutu, mumtima ndikuti eya, auze, auze. Kenako loya anafunsa ngati panalibe tsiku limene anafuna kuuza munthu wamkulu.

Mwana anayang'ana pansi, monga tinamuphunzitsira, n'kunena kuti masiku ambiri ankachita mantha ndi mmene mtima wake unkagundira, koma kuchipinda kwa amayi analetsedwa kulowa, ndipo pabalaza pamakhala bambo. Ndiye ankasiya chitseko chake chotsegula pang'ono, n'kukhala pabedi atavula juzi dala, kuti mwina amayi podutsa asuzumira n'kumuona mmene wathera, iye asachite kunena ndi pakamwa. Anati ankamva mapazi anga akubwera, n'kuima pakhomo, kenako dzanja langa n'kukoka chitseko chija kuchitseka bwinobwino, ndipo tsiku lina anandimva ndikuuza mlendo kuti mwana wolangidwa amadziwika ndi chitseko chake.

Anzanga, ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndinkachikumbukira chitseko chija, ndinkachitsekadi, ndipo ndinkachitseka mwachikondi, poganiza kuti mphepo yachikankha ndipo namwali angachite manyazi bambo ake akadutsa. Loya uja anasiya kulemba n'kundipatsa madzi, koma anandiuza mosanyengerera kuti tikalowa nawo pamlanduwu mawu amenewa adzanenedwa m'khoti, anthu ali tcheru, ndipo mbali inayo idzawagwiritsa ntchito kundisenzetsa ine katundu yense. Anati ndikaganize kaye. Tikutsika masitepe ndinamufunsa mwana ngati sizingatheke kukanena za mavidiyo zokha, za chitseko n'kuzisiya. Anaima, n'kundiyang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba chilangidwire, ndipo anati ngati akukanena zoona za kampani ija, akanenanso zoona za kunyumba, apo ayi sapita. Ndinatsala pang'ono kumukalipira kuti akundiyang'ana bwanji choncho, koma ndinadzigwira, chifukwa ndinazindikira kuti maso amenewo ndi amene ndinayenera kuwafuna kalekale.

Tinalowa nawo pamlanduwo. Mpaka lero sunafike pamaso pa woweruza, zinthu za kukhoti mukudziwa mmene zimayendera, ndipo sindikudziwa ngati tidzapambane. Chimene ndikudziwa n'choti tsiku likadzafika ndidzavala chitenje changa, n'kukakhala kutsogolo, n'kumva mwana wanga akuuza anthu achilendo kuti mayi ake ankatseka chitseko. Ndikukhulupirirabe ndi mtima wonse kuti amene amapanga zinthu zokola ana ngati ulimbo ayenera kuyankha mlandu, chifukwa iwo ankadziwa chimene mwana wanga ankaonera ndipo ankamuonjezera, pamene ine sindinkadziwa. Koma ndikukhulupiriranso kuti mwambo wathu uja unapangidwa nthawi imene namwali akatseka chitseko ankatsalamo yekha. Lero akatseka amatsalamo ndi anthu miyandamiyanda amene sitikuwadziwa, ndipo woletsedwa kulowa ndi mayi yekha.

Mwana wanga ali moyo, akudya, ndipo timadyera pa tebulo limodzi ndi bambo ake, amene akufuna kunena anene. Inu amene muli ndi mwana wofatsa, wosatuluka, amene mukumutamanda kumpingo kuti alibe vuto, musadikire phiri la Ngong kuti likuvulireni juzi yake. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mukadutsa pa chitseko chake n'kuchipeza chotsegula pang'ono, musachikoke ngati ine, gogodani mulowe.